Kalumo ka Mlendo: Mbiri ya Makutu Obooledwa m'Dera la Kasungu

Munthu wochokera ku Lilongwe kunka kumpoto akaoloka mtsinje wa Bua amaloŵa m'boma la Kasungu, ndipo posachedwa amapezeka ali m'dziko la Mfumu Njombwa. Ndi dziko lathyathyathya, la minda ya fodya ndi zigafa, kumene nkhani ya tsiku ndi tsiku ndiyo mvula, feteleza ndi mitengo ya ku okushoni. Komatu zaka 150 zapitazo anthu a m'chigwa chomwechi adali ndi nkhaŵa ina. M'masiku amenewo khutu la munthu linkatha kunena kumene iye wachokera ndi mfumu imene akuitumikira, mwiniwake asanatsegule pakamwa. Khutu long'ambidwa m'munsi, lokhala ndi chiboo chachikulu, lidali chizindikiro cha Angoni.

Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu umalangiza anthu kuti asanyoze nzeru za wobwera. Koma m'mbiri ya dera lino mlendo adabweradi ndi kalumo, ndipo kalumoko kadagwira ntchito pa makutu a ana a eni dziko.

Mwambo wa kuboola makutu Angoni adachoka nawo kumwera kwa Africa, kwa abale awo Azulu ndi Aswazi. Mayi Eileen Krige, m'buku lawo lofotokoza chikhalidwe cha Azulu limene lidatuluka m'chaka cha 1936, adalemba za mwambo wotchedwa qhumbuza. Mwana aliyense, wamwamuna ngakhale wamkazi, ankabooledwa makutu asanathe msinkhu. Wodziŵa ntchitoyi ankacheka kamnofu ka m'munsi mwa khutu ndi kachitsulo konola, nkutsomekamo kaphesi. Bala likayamba kupola, ankachotsa kaphesiko nkuikamo kena kokulirapo, mpaka chiboo chitakula monga momwe ankafunira. Azulu ankakhulupirira kuti kutero ndiko kutsegula makutu a mwana kuti azimva malangizo, ndipo munthu wamkulu wosabooledwa ankasekedwa ngati mwana wosamva.

Kamnofu ka m'munsi mwa khutu nkofeŵa ndipo kalibe fupa, motero kamalola kukuzidwa mwa njira ziŵiri. Njira yoyamba ndiyo kutanula pang'onopang'ono, ndipo imadya miyezi yambiri. Yachiŵiri ndiyo kucheka ndi mpeni, imene imapereka chiboo chachikulu tsiku lomwelo, koma imataya magazi ndi kusiya chilonda. Njira zonse ziŵirizi zifanana pa chinthu chimodzi: chiboo chikafika pa ukulu wa chala, sichitsekekanso chokha. Mwiniwake amapita nacho kumanda. Amuna ankachigwiritsanso ntchito ngati thumba, natsomekamo kabango kapena kanyanga kosungiramo fodya wonunkhiza, pakuti zovala za nthaŵi imeneyo zidalibe matumba.

Angoni a Zwangendaba adaoloka mtsinje wa Zambezi pafupi ndi Zumbo m'mwezi wa Novembala 1835, tsiku limene dzuŵa lidada ndi kadamsana. Adakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga, nadzakhalanso ku Mabiri m'dera la Mzimba, kenaka adapitirira mpaka ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, kumene Zwangendaba adamwalira cha m'ma 1848. Iye atamwalira mtundu udagaŵikana. M'mbelwa adakhazikika ku Mzimba, Mpezeni adakhazikika kufupi ndi kumene lero kuli mzinda wa Chipata, ndipo Chiwere Ndhlovu adamanga ku mapiri a Dowa. Tsono Acheŵa a m'chigwa cha Kasungu adapezeka ali pakati pa mafuwa atatu: nkhondo kumpoto, nkhondo kumadzulo, nkhondo kutsidya kwa Bua. Pamene Dr David Livingstone adafika kwa Mwase Kasungu m'chaka cha 1863, adapeza anthu a m'madera amenewo akukhala mwamantha chifukwa cha ankhondo amene ankatchedwa Mazitu, ndipo midzi yambiri idali yotchingidwa ndi malinga.

Nkhondo ya Angoni sidali yofuna ng'ombe zokha. Chuma chachikulu chimene impi inkabwera nacho kumudzi chidali anthu, makamaka ana ndi akazi. Gulu limene lidachoka kumwera lidali laling'ono, ndipo likadatha msanga likadapanda kumeza mitundu imene lidakumana nayo m'njira: Athonga, Akaranga, Ansenga, Atumbuka, Atonga ndi Acheŵa. Wogwidwa ankaperekedwa ku nyumba ya nduna kapena ya msilikali amene adamgwira, ndipo chimodzi mwa zinthu zomloŵetsa mu mtundu watsopano chidali kumboola makutu. Apa mpamene mwambo udasinthira tanthauzo. Kwa mwana wobadwira m'Chingoni, kubooledwa kudali ulemu wa kukula. Kwa mwana wogwidwa ku nkhondo, kudali chidindo chonena kuti tsopano ali ndi mwini wina.

Kuti chidindochi chimveke kulemera kwake, nkofunika kukumbukira mmene banja la Chicheŵa lidaliri. Mwana wa Mcheŵa ndi wa kuchikazi. Womuyang'anira ndi atsibweni ake, eni mbumba, ndipo munda wake, manda ake ndi dzina la ufumu zimachokera kwa amake. Kwa Angoni mwana ndi wa bambo, ndipo ng'ombe za lobola ndizo zimamanga banja. Motero mnyamata wotengedwa m'mudzi wa m'mbali mwa Bua sankangosintha malo ogona. Ankachotsedwa mu mbumba, nkuikidwa pansi pa bambo wosambala, nkuphunzira kuŵeta ng'ombe, kugwira chishango ndi kuvina ngoma m'malo mwa kuloŵa ku dambwe. Akafuna kuthaŵa, makutu ake ankamuulula. Ankhondo akampeza ankadziŵa kuti ndi wothaŵa, ndipo anthu a m'malinga akamuona ankayamba kumkayikira kuti kapena ndi kazitape.

Ngakhale zidali choncho, ena adathaŵa ndithu. Cha m'ma 1875 Atonga amene adali pansi pa M'mbelwa adabwerera kwawo kunyanja, ndipo impi imene idawalondola idagonjetsedwa ku Chintheche. Cha m'ma 1880 Atumbuka otsogozedwa ndi Baza Dokowe adaukira, koma ambiri adaphedwa pa phiri la Hora. Ambiri mwa anthu oukiraŵa adali atakulira m'midzi ya Angoni, ndipo nkhondo adaimenya ndi luso limene adaphunzira kwa ambuye awo omwewo.

Koma mbiri ikadakhala yopereŵera ikadangonena za ukapolo. Khutu lobooledwa lidalinso khomo. Angoni sankafunsa kwambiri za magazi a munthu, ankayang'ana mtima wake pa nkhondo ndi nzeru zake pa bwalo. Wogwidwa wolimba mtima ankatha kupatsidwa mkazi ndi ng'ombe, kugwira anthu akeake, mpaka kumanga mudzi wake. Chitsanzo chachikulu chili pafupi ndi Njombwa pomwepa. Chiwere Ndhlovu, amene dzina lake likadali ufumu ku Dowa, sadali wochokera kumwera. Adali Mnsenga wotengedwa ndi Angoni, amene adakwera kufikira pa unduna, nadzakhala mtsogoleri wa gulu lake. Ichi ndi chifukwa chake anthu ochuluka amene lero amadzitcha Angoni, akalondola bwino mzere wa makolo awo, amapeza gogo wa Chinsenga, wa Chitumbuka kapena wa Chicheŵa amene adaloŵa mu mtunduwo kudzera pa mpeni wa pa khutu.

Chodabwitsa nchakuti khutu lidapambana pamene lilime lidagonja. Amayi ogwidwa ku nkhondo ankalera ana awo m'zinenero zawo, ndipo m'mibadwo yoŵerengeka Chingoni chidayamba kuzilala. Angoni a Mpezeni adatenga Chinsenga, a M'mbelwa adatenga Chitumbuka, a ku Dowa ndi a Maseko ku Ntcheu ndi Dedza adatenga Chicheŵa. Mpeni udatha kusintha maonekedwe a wogwidwa, koma wogwidwayo ndiye adasintha chilankhulo cha mbuye wake.

Omvera asaganize kuti Angoni okha ndiwo ankalemba pa thupi. Acheŵa adali ndi mphini zawo za kumaso, pachifuwa ndi pamimba. Amayi a Chiyao ankavala chipini pamphuno. Ku chigwa cha Shire, m'chaka cha 1859, Livingstone adaona amayi a Chimang'anja atavala pelele pa mlomo wam'mwamba. Mlomowo unkabooledwa mtsikana akadali wamng'ono, nkumakuzidwa ndi timitengo mpaka kuloŵa mphete ya nsungwi, ya chitsulo kapena ya mnyanga wa njovu. Kunja kwa dziko lino nakonso nkhani ndi yomweyo. Amasai a ku Kenya ndi Tanzania adatchuka ndi makutu otanuka. Chigoba chagolide cha Farao Tutankhamun wa ku Egypt, amene manda ake adapezeka mu 1922, chili ndi makutu obooledwa. Ku Peru, Asipanya atafika m'zaka za m'ma 1530, adatcha akalonga a Inca dzina lakuti orejones, kutanthauza a makutu aakulu, chifukwa cha zokongoletsa zikuluzikulu zimene ankavala m'makutu. Kusiyana kwake nkwakuti m'maiko ameneŵa chizindikirocho chinkasonyeza kukongola, msinkhu kapena udindo wa mwini mtundu, pamene kwa Angoni chidagwiranso ntchito yosandutsa mlendo kukhala mbale.

Mwambowu udafota pamodzi ndi nkhondo imene inkaudyetsa. Asilikali a boma la Britain adagonjetsa Mwase Kasungu kumapeto kwa Disembala 1895. Inkosi Gomani adaphedwa mu 1896, Angoni a Mpezeni adagonja mu 1898, ndipo a ku Mzimba adaloŵa pansi pa boma la atsamunda mu 1904. Kugwira anthu kutaletsedwa, padalibenso ogwidwa oti abooledwe. Mishoni nazo zidachita mbali yake. Ya Livingstonia idafika kwa M'mbelwa ku Njuyu mu 1882, ndipo ya Dutch Reformed idamanga ku Mvera, m'dziko la Chiwere, mu 1889. Mnyamata wa pa sukulu, ndi mnzake wopita ku Harare kapena ku Joni kukafuna ndalama za msonkho, adayamba kuona khutu long'ambidwa ngati chinthu cha kale. Pang'ono ndi pang'ono chidatsalira kwa nkhalamba zokha. Miyambo ina ya makolo idadzukanso, monga Ncwala ya kwa Mpezeni imene idayambiranso mu 1980, ndi Umthetho wa ku Hora. Kumeneko anthu amavala zikopa ndi nthenga, zimene amavula mwambo ukatha, koma mpeni wa pa khutu sudabwerere pa bwalo.

Masiku ano m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku America muli achinyamata amene amakuza ziboo za m'makutu mwa kufuna kwawo, ena mwa kutanula, ena mwa kuchekedwa ndi kampeni ka madokotala. Madokotala amachenjeza za kutaya magazi, kuola kwa bala, kuduka kwa khutu, ndi matenda oyenda m'magazi ngati chida chagwira anthu angapo. Mu 2018 khoti la apilo ku England lidagamula kuti munthu amene si dokotala sangadziteteze ponena kuti mwini thupi adavomera, pa mlandu wokhudza kudula khutu ndi kung'amba lilime. Oweruza a kumeneko adalimbana ndi funso lakuti chilolezo cha mwini khutu chimafika pati. Mwana wa m'chigwa cha Kasungu wa m'zaka za m'ma 1870 sadafunsidwe nkomwe.

Zidzukulu za wocheka ndi za wochekedwa lero zimalima fodya m'minda yoyandikana, zimakwatirana, ndipo zimaika maliro pamodzi. Pa mabanja ambiri a ku Kasungu, Dowa, Mchinji ndi Mzimba, wocheka ndi wochekedwayo onse ndi makolo a munthu mmodzi. Amene akadali ndi agogo okumbukira nkhalamba za makutu obooledwa achita bwino kuwafunsa maina a nkhalambazo, midzi imene zidatengedwa, ndi mfunda umene zidali nawo zisanabooledwe, pakuti zimenezi sizidalembedwe m'buku lililonse la boma.