Kuona chofunda nsalu isanadulidwe

Sabata ino tiyeni tipumuleko pa ndakatulo ndi nthano, tikambe za nsalu. Abambo musathawe, muli makompyuta momwemu.

Ku America kuli chofunda china chomwe amachitcha quilt. Amatenga nsalu zamaluwamaluwa, kuzidula tizidutswa ta makona anayi kapena atatu, n'kutilumikiza mpaka patuluke chinsalu chokwana bedi lonse. Kenako amayala nsalu ina pansi, thonje pakati, chazigamba chija pamwamba, n'kusoka zitatuzo pamodzi. Ngati munaonapo atelala akulumikiza zotsala za zitenje kuti apange chikwama kapena choyala patebulo, ndiye kuti poyambira mukupadziwa kale.

Vuto la ntchitoyi ndi lakalekale. Ukangodula nsalu, basi, sibwereranso. Ndipo nsalu yokongola pampukutu imatha kusanduka zosaoneka bwino ukaiduladula n'kuiika pambali pa inzake. Duwa lalikulu lija limangotsala kachidontho kofiira, mizere yomwe imaoneka yofatsa imayamba kulimbana ndi maso. Wosoka amazindikira zimenezi atawononga kale ndalama ndi masabata angapo.

Taganizani za mayi wina wa ku Vermont, Jane Stickle, yemwe anamaliza chofunda chake mu 1863, nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili mkati. Anawerenga yekha zidutswa zake n'kulemba pangodya ya chofundacho kuti zilipo 5,602. Pakati pali timabwalo 169, kalikonse ndi kapangidwe kakekake. Chofundacho chikusungidwa ku Bennington Museum mpaka lero. Mayiyu analibe chithunzi choti ayang'anepo asanayambe. Zonse zinali m'mutu ndi m'dengu la nsalu.

Pano ndikonzeko kaye maganizo ena omwe afala, akuti zofundazi zinayamba ndi amphawi osoka nsanza. Inde, osauka ankasoka ndi zovala zakutha, koma zofunda zambiri zakale zomwe zili m'mamyuziyamu zinasokedwa ndi nsalu zatsopano, zogulidwa dala. Chomwe chinafalitsa lusoli ndi fakitale. Mu 1783 Thomas Bell wa ku Scotland analembetsa makina osindikiza maluwa pansalu pogwiritsa ntchito zitsulo zamkuwa zogudubuzika, ndipo m'zaka za m'ma 1800 nsalu zathonje zamaluwa zinatsika mtengo mpaka mayi wamba n'kumakwanitsa kugula. Choncho wosoka ndi wogulitsa nsalu akhala akuyendera limodzi kuyambira pachiyambi. Mfundo imeneyi muisunge, tiipezanso kutsogoloku.

Nanga anthu ankayeserera bwanji asanadule? Nyuzipepala ya Kansas City Star inkasindikiza mapulani a timabwalo kuyambira 1928 mpaka 1961, oposa 1,000. Koma anali mizere yakuda papepala loyera. Ankakuuza kadulidwe, za nsalu uzionere wekha. Ena ankajambula papepala lamabokosi ndi mapensulo amitundu, koma pensulo imangopereka mtundu umodzi wosalala, siingajambule timaluwa 40 m'kabokosi kamodzi. Ena ankapachika tizidutswa pakhoma, kubwerera m'mbuyo, kutsinzinira maso, kusuntha, kubwereranso. Njira imeneyi ndi yabwino ndipo ikadalipo, kungoti pofika pakhomapo nsalu wagula kale, wadula kale.

Ndiye mu 1991, mumzinda wa Bowling Green ku Ohio, Penny McMorris ndi mwamuna wake Dean Neumann anatulutsa pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Electric Quilt. Mayiyu ankadziwika kale chifukwa cha mapulogalamu ake a pawailesi yakanema ophunzitsa za zofundazi, pomwe bambowo anali katswiri wolemba mapulogalamu. Inkayenda pa DOS, Windows isanalowerere m'nyumba zambiri. Mukumbukire kuti makompyuta ambiri a nthawiyo ankaonetsa mitundu 16 kapena 256 yokha, ndipo kadisiki kamodzi kankanyamula 1.44 MB, zosakwana ngakhale chithunzi chimodzi cha foni yanu ya lero. Kujambula mizere ndi kuthira mitundu zinkatheka. Kuika nsalu yeniyeni, yooneka ngati ya m'sitolo, kunafunika kudikira kuti ma scanner atsike mtengo komanso ma CD afale.

Zitatero, zinthu zinasintha zedi. Munthu amatha kusita nsalu yake, kuiyala pa scanner, chithunzi n'kulowa m'pulogalamu. Kenako angodina kabwalo, nsalu ija n'kudzaza pomwepo. Sizinamusangalatse? Adinanso, aikapo ina. Zofunda makumi awiri usiku umodzi, osadula ngakhale kaulusi. Pulogalamu imawerengeranso mayadi ofunika pa nsalu iliyonse, n'kusindikiza mapepala odulira ataonjezerapo kale kota ya inchi ya msoko.

Koma apa m'pomwe pali nkhani yomwe imandikoka mtima, chifukwa chithunzi cha nsalu chimanama mosavuta, ndipo osoka anachita kuphunzira kuchigwira bodza.

Bodza loyamba ndi la kukula. Kompyuta siidziwa inchi, imadziwa timadontho. Kwa zaka zambiri malangizo anali oti nsalu ijambulidwe pa timadontho pafupifupi 75 pa inchi iliyonse. Tiyeni tiwerengere limodzi. Duwa la mainchesi 4 likhala timadontho 300. Tsono wina, pofuna chithunzi chowala bwino, ajambula pa timadontho 300 pa inchi. Duwa lomwe lija lakhala timadontho 1,200, ndipo pulogalamu yoyembekezera 75 iliona ngati la mainchesi 16. Mwaona? Kufuna ubwino kwamupatsa chofunda chomwe kulibe. N'chifukwa chake mpaka lero wojambula nsalu ndi foni amagoneka rula pambali pake, kuti akauze pulogalamu kuti kuchoka apa kufika apa ndi mainchesi akutiakuti. Inu amene mumadziwa chitenje mukumvetsa msanga. Chithunzi chimodzi cha pachitenje chimatha kudzaza theka la nsalu yonse. Mukadulapo kabwalo ka mainchesi atatu, mupeza chikasu chokhachokha pena, chakuda chokhachokha pena, ngati nsalu ziwiri zosadziwana.

Palinso nkhani ya kubwereza. Pulogalamu imatenga kachithunzi kamodzi n'kumakayala motsatizana ngati matailosi. Ngati sunadule chithunzicho ndendende pomwe maluwa amayambiranso, pamaoneka mizere yodukiza yomwe pansalu yeniyeni palibe. Za mtundu ndiye musanene. Sikirini imapanga mtundu ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, pomwe nsalu ndi utoto womwe walowa m'thonje. Chofiira cha pafoni yanu si chofiira cha pafoni ya mnzanu. Osoka ozindikira sadalira kwenikweni mtunduwo. Amachotsa mitundu yonse pachithunzi kuti chikhale chakuda ndi choyera, aone kuti nsalu yowala ndi iti, yakuda ndi iti, popeza kusiyana kumeneko n'komwe kumaonetsa nyenyezi kapena mtanda munthu ataima patali.

Tsopano tibwerere kwa wogulitsa uja. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, makampani a ufa ndi zakudya za nkhuku ku America ankaika katundu wawo m'matumba a nsalu zamaluwa, podziwa kuti amayi asoka madiresi ndi zofunda ndi matumbawo. Mayi amatuma bambo kuti akagule thumba lofanana maluwa ndi la mwezi watha. Nkhuku zilibe nazo ntchito, koma malonda ankayenda. Nzeru yomweyo inabweranso ndi kompyuta. M'zaka za m'ma 2000 kampani ya Electric Quilt inkagulitsa ma CD otchedwa Stash, odzaza zithunzi za nsalu zatsopano za m'mafakitale osiyanasiyana. Dzinalo ndi lomwe osoka a kumeneko amatchulira mulu wa nsalu zomwe munthu wasunga m'nyumba. Taonani kuchenjera kwake: mulu "wako" tsopano ndi nsalu zomwe sunagule. Lero makampani ngati Moda amapereka zithunzi za nsalu zawo pa intaneti kwaulere, ndipo okonza mapulani nthawi zambiri amajambula chofunda chonse ndi zithunzizo nsalu yeniyeni isanafike m'masitolo. Eni masitolo amaitanitsa katundu ataona chofunda chomwe palibe anachigwirapo.

Ine apa mtima wanga uli pawiri. Mantha odula nsalu yodula mtengo anachepa, ndipo munthu wa ndalama zochepa ndi amene amapindula kwambiri akagula mayadi okwanira ndendende. Koma tayang'anani zofunda za amayi akuda a ku Gee's Bend, ku Alabama, zomwe zinadabwitsa anthu zitaonetsedwa ku Houston ndi ku New York mu 2002. Zambiri zinasokedwa ndi mathalauza ogwirira ntchito kumunda, osuluka m'mawondo. Buluu akatha, mayi amapitiriza ndi chomwe chilipo, mzere n'kupindika, ndipo kukongola kwake kwagona pomwepo. Pasikirini nsalu siitha. Chofunda chopangidwa ndi nsalu za gulu limodzi la fakitale imodzi chimagwirizana bwinobwino, inde, koma nthawi zambiri chimafanana ndi cha anthu ena mazana omwe anatsitsa zithunzi zomwezo.

Mu 2008 ku North Carolina kunayamba kampani ya Spoonflower, yomwe inatembenuza ulendo wonsewu. M'malo moika nsalu pa scanner kuti ikhale chithunzi, umatumiza chithunzi chako iwo n'kukusindikizira pansalu, ngakhale yadi imodzi yokha. Munthu atha kujambula kachidutswa kotsala ka diresi ya agogo ake, kukonza pomwe maluwa akubwereza, n'kulandira mayadi asanu a nsalu yomwe fakitale inasiya kupanga kalekale. Komabe ikafika amayamba waichapa kaye kachidutswa, aone ngati ifupika kapena kutulutsa utoto, ndipo rula uja amamugonekanso pamwamba pake kuti atsimikize ngati duwa labwera pa mainchesi omwe anatumiza.