Kanyumba ka pa Viggsö Komwe ABBA Inkapekera Nyimbo

Viggsö ndi kachilumba komwe kali m'nyanja ya Baltic, kum'mawa kwa mzinda wa Stockholm, likulu la dziko la Sweden. Kachilumbaka kamadziwika chifukwa cha kanyumba kamatabwa komwe Benny Andersson ndi Björn Ulvaeus, a gulu loimba la ABBA, ankabindikiramo popeka nyimbo m'zaka za m'ma 1970.

Gululi lidali la anthu anayi. Kuphatikiza pa amuna awiriwa padali Agnetha Fältskog, yemwe adakwatiwa ndi Ulvaeus mu 1971, ndi Anni-Frid Lyngstad, yemwe adamanga banja ndi Andersson mu 1978. Mabanja onsewa adali ndi nyumba zopumuliramo pachilumbapo, monganso Stig Anderson, mkulu yemwe ankayendetsa ntchito za gululi.

ABBA idatchuka pa 6 Epulo 1974 itapambana mpikisano wa Eurovision mumzinda wa Brighton ku England ndi nyimbo ya Waterloo. Koma kutchukako kudali kosadalirika. Anthu ambiri ku Britain ankati opambana mpikisanowu amazimirira msanga, ndipo nyimbo zingapo zomwe gululi lidatulutsa pambuyo pake sizidagulidwe kwenikweni m'dzikomo mpaka pomwe SOS idatuluka mu 1975. Chomwe chikadapulumutsa gululi ndi nyimbo zatsopano basi, ndipo zambiri mwa izo zidayambira m'kanyumba kaja.

M'kanyumbamo mudalibe zambiri: piyano, gitala ndi zenera loyang'ana kunyanja. Andersson ankakhala pa piyano, Ulvaeus n'kunyamula gitala, ndipo ankaimba kwa maola ambiri tsiku lililonse ngati anthu olembedwa ntchito. Poyamba ankafuna maimbidwe okha, akung'ung'udza mawu opanda tanthauzo. Sankalemba maimbidwewo papepala. Mfundo yawo idali yoti maimbidwe omwe aiwalika sadali oyenera kusungidwa. Mawu enieni ankalembedwa pambuyo pake, zoimbira zitajambulidwa kale ku situdiyo, ndipo m'zaka zoyambirira Stig Anderson ankathandiza kupeza mitu ya nyimbo ndi kulemba mawu ena.

Apa m'pomwe ambiri amalakwitsa poganiza kuti ulendo wa kunyanja wotere ndi tchuthi. Masiku ambiri ankatha osapeza kanthu, ndipo zochuluka zomwe ankayesa ankazitaya.

Nyimbo ya The Winner Takes It All, yomwe idatuluka mu Julaye 1980, ndi imodzi mwa zomwe zidayambira pa Viggsö. Idatuluka banja la Ulvaeus ndi Fältskog litatha, ndipo Fältskog yemweyo ndiye adaiimba. Ulvaeus wakhala akunena kuti nyimboyi si mbiri yeniyeni ya banja lawo, popeza pa kulekana kwawo padalibe wopambana.

Sikuti awiriwa ankapekera pachilumbapo pokha. Mu Januwale 1980 adapita ku Barbados kukayamba nyimbo zina za chimbale cha Super Trouper.

Gululi lidasiya kujambula nyimbo mu 1982 ndipo lidadzatulutsanso chimbale china, Voyage, mu Novembala 2021. Nyumba yosungiramo mbiri ya gululi, ABBA The Museum, idatsegulidwa ku Stockholm mu Meyi 2013, ndipo mkati mwake adamangamo kanyumba kofanana ndi ka pa Viggsö kuti alendo aone malo omwe ntchitoyi inkachitikira.