Mzinda wa manambala: mmene Lilongwe anajambulidwira papepala

Pa kalembera wa 1966, m'tauni ya Lilongwe munapezeka anthu osakwana 20,000. Kanali katauni ka fodya ndi mtedza, kokhala ndi ofesi ya DC, msika, sitolo za amwenye ndi mlatho umodzi wodalirika pa mtsinje wa Lilongwe. Pa kalembera wa 2018, anthu anali atafika 989,318. Pakati pa zaka ziwirizi pali mapulani angapo okongola, ndipo pali anthu miyandamiyanda omwe mapulaniwo sanawaone.

Kugawa anthu malo malinga ndi mtundu kapena thumba lawo sikunayambe ndi likulu. Boma la atsamunda litakhazikika pamalowa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mtsinje ndiwo unali malire. Kumadzulo, komwe lero timati Area 3, kunali maofesi ndi nyumba za azungu pamayadi aakulu a mitengo yambiri. Kutsidya, komwe lero ndi Area 2, kunali amwenye ndi malonda awo, ndipo akuda ankakhala kuseri kwa zonsezi. Lilongwe anapatsidwa udindo wa tauni mu 1947, koma panthawiyo palibe ankalota kuti boma lingachoke ku Zomba, komwe linakhala kuyambira 1891.

Amene analota ndi Dr Hastings Kamuzu Banda. Iye ankanena kuti ganizo losamutsa likulu linamufikira ali m'ndende ku Gwelo. Mfundo yake inali yomveka: chuma chonse chinaunjikana kummwera, ku Blantyre, pomwe Zomba anapanikizika m'munsi mwa phiri, wopanda kokulira. Lilongwe anali pakati pa dziko, pachigwa chachonde komanso chotakasuka. Ena ankanong'ona kuti ndi kufupi ndi kwawo ku Kasungu, koma m'masiku amenewo zotere zinkathera m'kunong'onako. Dziko la Britain, lomwe linkathandiza bajeti ya Malawi, linakana kuikapo ndalama, ponena kuti dziko losauka lili ndi zina zofunika kuposa likulu latsopano.

Kamuzu anatembenukira ku South Africa ya tsankho, dziko lomwe atsogoleri anzake a mu Africa ankalisala. Ubale wa ukazembe unayamba mu 1967, ndipo boma la ku Pretoria linapereka ngongole ya marandi 8 miliyoni yoyambira ntchito. Pulani yoyamba ya likulu latsopano, ya 1968, inalembedwa ndi akatswiri a ku South Africa komweko, Gerke ndi Viljoen. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation, lomwe aliyense ankangoti CCDC. Linapatsidwa malo, mphamvu zogawa mapuloti, zomanga komanso zokopa amalonda. Midzi yomwe inali pamalo osankhidwawo inasamutsidwa. Mu 1975 Lilongwe analengezedwa kukhala likulu la dziko.

Mzinda umene olemba mapulani anajambula kuyambira pamenepo sunali wothithikana. Ankafuna mzinda wa mitengo ndi mabwalo, wokhala ndi mitima inayi yotalikirana: Old Town, Capital Hill pamodzi ndi City Centre, Kanengo wa mafakitale, ndi Lumbadzi, kufupi ndi bwalo la ndege. Pakati pa tauni yakale ndi yatsopano anasiyapo nkhalango m'mphepete mwa Lingadzi, yomwe ilipobe mpaka lero. Malo onse anawadula m'zigawo, chigawo chilichonse ndi nambala yake komanso ntchito yake: uku maofesi, uku mafakitale, uku nyumba. Manambalawo anafika 58, ndipo satsata mmene malo ayandikanirana. Mlendo amene angaganize kuti akachoka mu Area 10 alowa mu Area 11 kenako 12 ndi 13 motsatana mpaka kumapeto adzasochera tsiku lomwelo, pakuti Area 43 ndi woyandikana ndi Area 10, ndipo Area 47 sali patali ndi Area 14.

Pankhani ya nyumba ndi pomwe pagona mutu wa nkhaniyi. Pulani inagawa malo okhala malinga ndi kukula kwa puloti, ndipo kukula kwa puloti kunkatsata kukula kwa malipiro. Area 10, 12 ndi 43, kufupi ndi Capital Hill, anasungira mabwana, akazembe ndi alembi aakulu, pamayadi oti munthu n'kulimamo chimanga. Area 18 anamangira ogwira ntchito m'boma a maudindo apakati. Mesenjala, mlonda, wantchito wa m'nyumba ndi waganyu anawakonzera madera omwe ankatchedwa THA, monga Kawale, Chilinde ndi Area 25. Kumeneko munthu ankapatsidwa puloti yopimidwa bwino, msewu wafumbi ndi mpopi wa onse chapafupi, n'kuuzidwa kuti amange yekha malinga ndi mphamvu zake, kaya ndi zidina.

Ndondomeko ya THA siyofunika kuinyoza. Inali yanzeru kwambiri mwa zonse zimene zinachitika nthawi imeneyo, chifukwa inavomereza kuti wosauka atha kudzimangira nyumba bola apatsidwe malo ovomerezeka. Amene anapeza puloti ku Kawale kapena ku 25 m'zaka zimenezo anamanga timanyumba ta lendi kuseri, n'kuphunzitsa ana ndi ndalama za alendi. Vuto linali mtunda. Amene analibe galimoto ndi amene anaikidwa kutali ndi ntchito, pomwe eni magalimoto anawaika pakhomo pa ofesi. Ena amati ndi chala cha akatswiri ozolowera mizinda ya tsankho. Kaya n'zoona kaya ayi, zotsatira zake zimaoneka m'bandakucha uliwonse, anthu ali pamzere m'mbali mwa msewu, wapansi, wapanjinga, kulowera ku Kanengo ndi ku tauni.

CCDC inathetsedwa mu 1984. Kuchokera apo, malo a mumzinda anakhala ndi eni angapo: Unduna wa za Malo, bungwe la Malawi Housing Corporation, ndi khonsolo, yomwe inalandira madera a THA kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Pulani ina yogawa malo inatuluka mu 1986, lamulo latsopano la mapulani a matauni linabwera mu 1988, koma ndalama zopimira mapuloti atsopano ndi kulambula misewu zinali zitauma. Anthu sanasiye kubwera. Mu 1977 anali pafupifupi 99,000, mu 1987 anapitirira 220,000, ndipo mu 1998 anali cha m'ma 440,000.

Munthu akalembetsa puloti n'kudikira zaka popanda yankho, sagona pamsewu. Amapita kwa mfumu. Motero mafumu a m'mphepete mwa mzinda, omwe pulani sinawawerengere konse, anakhala ogawa malo enieni. Kwa Chinsapo, kwa Mtandire, kwa Mgona, kwa Kauma ndi kwa Senti kunadzaza nyumba. Madera amenewa ali ndi manambala pa mapu a khonsolo, Mtandire ali mu Area 56 ndipo Chinsapo mu Area 57, koma kondakitala wa minibasi saitanira nambala, amaitanira dzina. Kauma anamera kuseri kwa mayadi a Area 12, Mtandire moyang'anizana ndi mipanda ya Area 47, Mgona pafupi ndi mafakitale a Kanengo. Anthu anadziikira okha nyumba pafupi ndi ntchito, zomwe olemba pulani analephera kuwachitira. Lipoti la UN-Habitat la 2011 linati anthu pafupifupi atatu mwa anayi alionse mu Lilongwe amakhala m'madera osatsata pulani ngati amenewa.

Mtengo wake amalipira ndi omwewo. Kopanda misewu yopimidwa ambulansi silowa, paipi ya madzi imavuta kudutsa, ndipo chimbudzi chimakumbidwa pafupi ndi chitsime. Malo ouma atatha, anthu anatsikira m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje. Mu February 2017 Lingadzi anasefukira, n'kugwetsa nyumba kwa Mtandire. Pambuyo pa ngozi zotere timamva mawu omwewo: anthu asamuke, anamanga popanda chilolezo. Funso loti asamukire kuti limayankhidwa motsitsa mawu.

Kusatsata pulani sikwa osauka okha. Aliyense wodziwa mzindawu waonapo nyumba yosanja ikumera pamalo omwe anasiyidwira bwalo la ana, nyumba zogona zikusanduka maofesi ndi malo ogona alendo m'ma Area a mabwana, komanso mipanda ya njerwa yolowa m'malire a msewu. Madobadoba agulitsa puloti imodzi kwa anthu awiri kapena atatu, milandu n'kumathera kukhoti. Khonsolo ikabwera ndi chigalimoto chogumulira, wokhala ndi loya amathamangira kukatenga chiletso, wopanda loya amatola malata ake.

Mapepala okha sanasowepo. Mu 2010 bungwe la JICA la ku Japan linathandiza kulemba pulani yatsopano yofika 2030. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lina la mapulani, lomwe likukhudza dziko lonse, matauni ndi midzi yomwe. Misewu yakulitsidwa, ya pa Area 18 inadutsana pamwamba ndi pansi, ndipo mitengo yambiri yomwe inkakongoletsa msewu wa Kenyatta inagwa kuti misewuyo idutse. Koma mzinda wadumpha kale malire ake, ukudya minda ya m'midzi yozungulira, komwe puloti amapima ndi mapazi, mboni ali a nyakwawa.

Makhonsolo a Mzuzu, Kasungu, Karonga, Salima ndi Mangochi, omwe matauni awo akukula lero, aphunzirepo pa zimenezi. Pimani mapuloti otsika mtengo pafupi ndi misika ndi malo antchito, siyani njira za misewu ndi mapaipi anthu asanamange, ndipo khalani pansi ndi mafumu, pakuti ndi omwe akugawa malowo.