Kugwa kwa AIG mu 2008: Nsomba Imodzi Itaola M'dengu

Ntchito ya kampani ya inshuwalansi ndi kusenza chiopsezo cha anthu ena. Timalipira pang'ono nthawi ndi nthawi kuti tsoka likagwa tisatsale manja lende. Koma mbiri ya AIG ya ku America imatiphunzitsa kuti wosenzera anzake akhoza kuiwala kuyeza kulemera kwa mtolo wake womwe.

AIG inayambira mumzinda wa Shanghai mu 1919, pamene Cornelius Vander Starr anatsegula kaofesi ka inshuwalansi. Pofika 2008 inali pakati pa makampani aakulu koposa padziko, ndi antchito oposa 100,000 m'maiko oposa 100.

Vuto linabadwira m'gawo laling'ono lotchedwa AIG Financial Products, la antchito mazana ochepa chabe, limene ntchito yake yambiri inkachitikira ku London. Gawoli linkalonjeza mabanki kuti ngongole zogulira nyumba za ku America, zimene iwo anaikamo ndalama, zikalephera kubwezedwa, AIG idzalipira. Linkalandira malipiro pa lonjezolo osasunga padera ndalama zokwanira, poganiza kuti ngongole zochuluka chotero sizingafe nthawi imodzi. Komatu m'mapanganomo munali mfundo yoluma: mtengo wa ngongolezo ukatsika, kapena mabungwe oyeza mphamvu za makampani akatsitsa mlingo wa AIG, kampaniyo inayenera kupereka chikole cha ndalama mosachedwa.

Gawo lina linkabwereketsa mabanki zikalata za chuma cha kampani, ndipo ndalama za chikole zimene linkalandira linkaziikanso m'ngongole za nyumba zomwezo. Motero magawo awiri anatsamira khoma limodzi, aliyense akuyang'ana buku lake lokha.

Mitengo ya nyumba itagwa, khomalo linagumuka. Pa 15 September 2008 banki ya Lehman Brothers inagwa, ndipo tsiku lomwelo mlingo wa AIG unatsitsidwa. Mabanki anafuna ndalama zawo onse pamodzi, AIG inalibe. M'mawa mwake banki yaikulu ya America, Federal Reserve, inavomera kuibwereka madola 85 biliyoni, boma n'kutenga pafupifupi magawo 80 mwa 100 a umwini wake. Thandizo lonse linadzafika pafupifupi madola 182 biliyoni. Inshuwalansi ya galimoto ndi ya nyumba za anthu wamba sinali gwero la vutoli, komabe kampani yonse inatsala pang'ono kumira. Akuluakulu sananame kuti nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.

Kuchokera pamenepo, ganizo loyang'anira ziopsezo za kampani yonse pamodzi linapeza mphamvu. Ku Ulaya, malamulo a Solvency II, amene anayamba kugwira ntchito mu January 2016, amakakamiza makampani ambiri a inshuwalansi kuunika okha ziopsezo zawo zonse ndi kuonetsa kuti ali ndi chuma chokwanira kuzipirira.

Phunziroli likukhudzanso makampani a takaful, amene anayambira ku Sudan mu 1979 pofuna kupewa riba ndi gharar. Pangano likhoza kukhala loyera, koma thumba la ophatikiza ndalama lingathebe kuphwa ngati chuma chonse chaikidwa malo amodzi. Choncho tisanapereke ndalama zathu ku kampani iliyonse, tili ndi ufulu wofunsa kumene imaziika, ndiponso ngati muli munthu amene amawerenga mabuku a magawo onse pamodzi, wokhala ndi mphamvu yoletsa gawo limene likupindula kwambiri.