Munthu kapena mzukwa: mbiri ya funso la umunthu wa anthu achialubino ku Kasungu

Funso loti wobadwa mosiyana ndi anzake ndi munthu weniweni, woyenera ufulu wachibadwidwe, lili ndi mbiri ziwiri. Ina ndi ya m'mabuku a zithunzi ndi m'makanema a ku America, komwe limafunsidwa za anthu ongopeka. Inayo ndi ya m'Malawi muno, komwe lafunsidwa za anthu amoyo, a khungu lachialubino, ndipo ena mwa iwo aphedwa chifukwa cha yankho lolakwika.

Mbiri yoyambayo ndi yaifupi. Mu 1963, Stan Lee ndi Jack Kirby a kampani ya Marvel anayambitsa nthano ya X-Men, ya ana obadwa kwa makolo wamba koma magazi awo atasinthika, mwakuti akamakula amatulukira mphamvu zodabwitsa: wina amawerenga maganizo a anzake, wina amapinda zitsulo osazigwira. M'nthanomo anthu amawaopa, boma limafuna kuwalemba m'kaundula wapadera, ndipo iwo eni amagawikana. Professor X amati akhale limodzi ndi anthu ena mwamtendere, pomwe Magneto amati mtendere wotero ndi maloto chabe. Nthanoyi inafika mpaka kukhothi, ngakhale kuti mlandu wake unali wa msonkho. Malamulo a kasitomu ku America ankadula 12 peresenti pa zidole zoimira anthu, ndi 6.8 peresenti pa zoseweretsa zoimira zolengedwa zina. Kampani ya Toy Biz, yomwe inkaitanitsa zidole za X-Men kuchokera kunja, inauza khothi kuti zidolezo sizikuimira anthu, ndipo mu Januwale 2003 woweruza Judith Barzilay anavomereza. Okonda nthanoyi anakhumudwa, poti nkhani yonse ya X-Men imanena kuti iwo ndi anthu. Komabe palibe amene anakhetsa magazi pa chigamulocho.

M'boma la Kasungu, monga m'maboma ena, muli mawu amene akhala akuyenda pakamwa kwa mibadwo: akuti alubino samwalira, amangosowa. Ena amawonjezera kuti ndi mizukwa yobwerera, kuti mafupa awo ali ndi golide, kuti tsitsi lawo limaitana chuma. Onsewa ndi mabodza, ndipo loyambalo ndi lokayikitsa kwambiri, chifukwa likuoneka kuti linali chophimba. Ngati mudzi wavomereza kuti munthu wakuti amangosowa, ndiye kuti akasowadi palibe wofunsa komwe wapita. Kusiyana kwa mbiri ziwirizi kuli pomwepa. Wa m'kanema mphamvu ali nazodi ndipo amadziteteza nazo. Wa ku Chamama kapena ku Santhe alibe mphamvu ina iliyonse yoposa ya mnzake. Mphamvuzo amamupangira ndi anthu ena, kenako n'kuziika pa mtengo.

Za makedzana zolembedwa ndi zochepa. David Livingstone, m'buku lake la maulendo la mu 1857, anatchulapo za mwana wachialubino amene anakanidwa n'kuphedwa kumwera kwa Africa, ndipo nkhani za azamba obisa ana otere akangobadwa zimamveka m'mitundu yambiri ya chigawo chino. Boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo la ufiti mu 1911, loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi kumwetsa mwavi, koma za anthu achialubino silinanene kanthu. Mu 1913 Hugh Stannus, dokotala wa boma la Nyasaland, anasindikiza kafukufuku wa khungu la anthu a dziko lino m'magazini ya sayansi ya Biometrika. Anawaona ngati nkhani yophunzira, yoyeza ndi kujambula. Za mmene ankakhalira pamudzi sinali nkhani ya nthawiyo.

Sayansi ya nthawi imeneyo inali itayamba kale kupeza yankho. Mu 1908 dokotala wa ku England, Archibald Garrod, anaika chialubino m'gulu la zinthu zobadwa nazo zochokera kwa makolo. Lero n'zodziwika bwino: thupi limalephera kupanga mokwanira melanin, chinthu chimene chimadetsa khungu, tsitsi ndi maso ndiponso kuteteza ku dzuwa. Kuti mwana abadwe wachialubino, bambo ndi mayi onse awiri ayenera kukhala nacho m'magazi, ngakhale iwo eni ali akuda bii. Zikatero, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi. Choncho mwamuna amene amathawa banja ponena kuti mkazi wake anayenda ndi mzungu, kapena kuti analodzedwa, amathawa magazi ake omwe. Mtundu wofala kwambiri kuno ku Africa madokotala amautcha OCA2, ndipo umabwera ndi vuto la maso: kuona pafupi pokha, kuthobwa ndi kuwala, ndi maso ogwedezeka. Nzeru suzikhudza ayi.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Kasungu inasanduka likulu la fodya. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti anachuluka m'zigwa zake, ndipo mabanja a matenanti anabwera kuchokera ku maboma akummwera ndi ena, kudzalima mongongola chakudya ndi feteleza kuti adzadulidwe pogulitsa. M'ma 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale. Ntchito ya fodya ndi ya padzuwa kuyambira ku nazale m'nyengo yotentha ya Okutobala, kuthirira m'mawa ndi madzulo, kuokera mvula ikagwa, kupalira, kubandira, kuphukira, mpaka kuthyola. Mthunzi umapezeka pomaliza, m'chigafa, posoka ndi posankha masamba. Mwana wachialubino wa m'banja la tenanti ankalowa m'munda monga anzake, chifukwa pa ntchito imeneyi dzanja lililonse limawerengedwa. Khungu linkapsa, milomo inkang'ambika, zilonda za m'khosi ndi m'makutu zosapola zinkasanduka khansa. Kusukulu, poti sankaona pabolodi, ankamuyesa mbuli, ndipo anzake ankamuitana mayina onyoza monga napweri. Azimayi ena oyembekezera ankalavulira malovu pachifuwa akakumana naye, ati kuti asadzabereke wotero. Zonsezi zinkachitika popanda wolemba, ndiye chifukwa chake zaka zimenezi zilibe ziwerengero.

Pa malamulo, funsoli linayankhidwa mu 1994. Mutu wachinayi wa malamulo aakulu a dziko umapereka kwa munthu aliyense ufulu wokhala ndi moyo pa ndime 16, ulemu wa umunthu pa ndime 19, ndipo ndime 20 imaletsa tsankho lotengera khungu, ulumali kapena kabadwidwe. Palibe mawu oti kupatula wakutiwakuti. Anthu achialubino anayambitsanso bungwe lawo, lomwe lero limadziwika kuti APAM, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la anthu aulumali. Koma lamulo lolembedwa m'Chingelezi ku Lilongwe silithyola lokha chikhulupiriro cha pabwalo la mudzi, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 nkhaniyi inkaonedwa ngati ya chifundo, yopereka zipewa ndi mafuta, osati ya chitetezo.

Zinthu zinasintha pamene chikhulupiriro chakale chinakumana ndi msika. Ku Tanzania, kuphedwa kwa anthu achialubino kunamveka kwambiri cha m'ma 2007 ndi 2008, makamaka m'madera a asodzi ndi okumba miyala ya mtengo wapatali pafupi ndi nyanja ya Victoria, ndipo mtolankhani wa BBC, Vicky Ntetema, anaulula asing'anga amene ankalonjeza zizimba za ziwalo za anthu. Ku Malawi milandu inayamba kuchulukana kumapeto kwa 2014. Mwezi wa Disembala chaka chomwecho, bungwe la United Nations linasankha 13 Juni kukhala tsiku lokumbukira anthu achialubino pa dziko lonse, ndipo linakumbukiridwa koyamba mu 2015.

Chaka cha 2016 chinali cha njala. Mvula inadula msanga, chimanga chinauma chisanakhwime, ndipo mu Epulo boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Kumayambiriro kwa mwezi womwewo, m'mudzi wina wa ku Kasungu, mwana wamkazi wachialubino wosakwana zaka ziwiri anabedwa usiku ali gone ndi mayi ake. Mayiyo podzidzimuka anapeza mwana palibe. Anthu anafunafuna m'minda ndi m'tchire kwa masiku angapo, mpaka pa phiri lina lapafupi panapezeka zidutswa za chigaza, mano ndi zovala zake. Apolisi anamanga amuna asanu, mmodzi mwa iwo wachibale wapafupi kwambiri wa mwanayo.

Nkhaniyi inaphwanya zinthu ziwiri zimene anthu ankadzitonthoza nazo. Choyamba chinali chakuti zoterezi amachita ndi alendo odutsa malire. Apa oganiziridwawo anali odziwa khomo, odziwa mbali imene mwana amagona. Chachiwiri chinali bodza lija la kusowa, poti chomwe chinapezeka paphiri paja chinali zotsala za mtembo wa mwana wa munthu, woyenera maliro monga wina aliyense. Nyumba zambiri za m'midzi ya fodya ndi za zidina kapena njerwa zosawotcha, zofolera udzu, chitseko chake chotseka ndi kamtengo kapena msomali wopinda. Nyumba yotero imaletsa mbuzi kulowa, osati munthu amene walonjezedwa mamiliyoni. Ndipo chodabwitsa pa milandu yambiri ya mtunduwu n'chakuti ogwidwa amapezeka ali ndi mafupa m'thumba akufunafuna wogula. Msika umene anauphera munthu anangoumva m'mphekesera.

Epulo yemweyo anthu anayi achialubino anaphedwa m'dziko muno. Ikponwosa Ero, loya wochokera ku Nigeria amenenso ndi wachialubino, yemwe anali katswiri woyamba wa United Nations pa nkhaniyi, anayendera Malawi mwezi womwewo ndipo anachenjeza kuti anthuwa akhoza kutheratu ngati zinthu sizisintha. Mu Juni bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti loti kuyambira Novembala 2014 anthu osachepera 18 anali ataphedwa, asanu anabedwa osapezekanso, ndipo apolisi anali atalemba milandu yosachepera 69, kuphatikizapo yofukula manda. Mutu wa lipotilo unali mawu oti anthuwa si nyama zosakidwa kapena kugulitsidwa. Kuti mawu otere anafunika kulembedwa patatha zaka 22 malamulo aakulu atanena kale, zikusonyeza kutalika kwa mtunda pakati pa pepala ndi mudzi.

Yankho linabwera motsatizana. Mu Juni 2016 khothi lalikulu ku Mzuzu linaletsa asing'anga kugwira ntchito ndi kulengezetsa malonda awo, chigamulo chimene chinadandaulitsa azitsamba ochiritsa moona mtima. Chaka chomwecho aphungu anakonza lamulo la milandu ndi la matupi a anthu akufa, kuti wopezeka ndi ziwalo za munthu alandire chilango chokhwima, mpaka moyo wonse m'ndende; kale ena ankangolipira chindapusa kapena kukhala zaka zochepa. Mu 2018 kunakhazikitsidwa ndondomeko ya dziko ya zaka za 2018 mpaka 2022, ndipo mu 2019 anthu achialubino anayamba kulandira timakina tolira toitanira thandizo usiku. Milandu yakupha imazengedwa ku khothi lalikulu lokha, motero yambiri inatenga zaka, mboni zina n'kusamuka kapena kutopa.

Kalembera wa 2018 anabweretsa chodzidzimutsa china. Kwa nthawi yaitali mabungwe ankati anthu achialubino m'Malawi alipo pakati pa 7,000 ndi 10,000. Kalemberayo anapeza 134,636. Akatswiri ena amakayikira kuti mwina chiwerengerochi n'chokwera kwambiri, koma ngakhale chitachepetsedwa, chikuonetsa kuti mapulani a mafuta, magalasi ndi chitetezo ankakonzedwa mongoyerekeza.

Mlandu wina wa ku Machinga, wa mnyamata wophedwa mu 2018, unatha mu 2022 pamene anthu 12 anapezeka olakwa pa milandu yosiyanasiyana. Pakati pawo panali wansembe, wapolisi, wachipatala ndi mbale wake wa wophedwayo. Zimenezi zinagwetsa ganizo loti vutoli ndi la anthu osaphunzira okha. Muzu wake ndi chikhulupiriro choti chuma chimabwera ndi kukhwima, ndipo chikhulupirirochi chimapezeka m'suti momwemo monga m'nsanza. Chimakula pamene ulimi wakanika, mitengo ya ku okushoni yagwa, kapena chisankho chayandikira, nthawi zimene bungwe la APAM lakhala likuchenjeza kuti mamembala ake amakhala pa chiopsezo chachikulu.

Zaka zomwezo zinaonetsanso nkhope zina. Woimba Lazarus Chigwandali, amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi banjo yopanga yekha, anatulutsa chimbale mu 2019 ndipo kanema wa moyo wake anaonetsedwa kunja. Mu 2021 Overstone Kondowe, yemwe anatsogolerapo APAM, anapambana chisankho chapadera ku Nkhotakota n'kukhala phungu woyamba wachialubino m'mbiri ya Malawi.

Milandu yakupha yachepa poyerekeza ndi 2016, koma kufukula manda ndi kuyesa kuba ana kumamvekabe, ndipo mabanja ena amathira simenti pamanda a abale awo. Chimene chimapha anthu achialubino ambiri, ngakhale pa zaka zoipitsitsa zija, ndi khansa ya pakhungu, yomwe imapeweka ndi mafuta oteteza ku dzuwa, chipewa cha khonde, malaya a manja aatali ndi kuonetsa msanga chilonda kuchipatala. M'zigwa za Kasungu, komwe ntchito yopezeka mosavuta ikadali ya m'munda wa fodya, soya ndi chimanga, mafutawo amapezeka kwambiri pa boma kusiyana ndi kumidzi, ndipo wa kutali amayenera kupeza ya kabaza kuti akawatenge. Mabungwe monga Standing Voice amayendetsa makiliniki oyeza khungu m'maboma ena, ndipo APAM ikupitiriza kupempha nyumba zolimba, mabuku a zilembo zazikulu m'sukulu, ndi ntchito zogwirira pamthunzi.