Migwalangwa ya pa Chilumba cha Pasaka

Anthu amene amapita kutchuthi ku chilumba cha Rapa Nui, chimene chili m'nyanja yaikulu ya Pacific, makilomita oposa 3,500 kuchokera ku gombe la dziko la Chile, amabwerako ndi zithunzi zokongola. Pa zithunzizo timaona mchenga woyera wa ku Anakena, mafano aakulu a miyala otchedwa moai atafulatira nyanja, ndiponso mitengo ya ngole ikuwerama ndi mphepo. Tikaona zimenezi tingaganize kuti mitengoyo ndi ya makolo a pachilumbapo. Koma ayi ndithu. Mitengoyo ndi yobwera, inachokera ku Tahiti m'zaka za m'ma 1960. Mgwalangwa weniweni wa pachilumbachi palibe munthu wamoyo lero amene anauonapo, pakuti mtundu wake unatha psiti.

Azungu amachitcha Chilumba cha Pasaka chifukwa Jacob Roggeveen, woyendetsa zombo wa ku Holland, anachiona pa Lamulungu la Pasaka, pa 5 Epulo 1722. Iye anapeza dziko lopanda mitengo ikuluikulu, nadabwa kuti anthu osowa mitengo ndi zingwe zolimba anaimika bwanji mafano otere, amene lero tidziwa kuti alipo oposa 800.

Yankho linali litabisika m'matope. M'zaka za m'ma 1980, katswiri wa zomera John Flenley anafufuza matope a pansi pa zithaphwi za m'mapiri a pachilumbapo, napezamo mungu wochuluka wa migwalangwa. Ena anapeza zikhokhombe za mbewu zake m'mapanga, ndi mabowo m'nthaka mmene munali mizu. Tsono zinadziwika kuti pamene anthu oyamba anakocheza mabwato awo kuchokera ku zilumba za Polynesia, cha m'ma 1200 monga akatswiri ambiri anenera, chilumbacho chinali nkhalango ya migwalangwa mamiliyoni. Mu 1991 John Dransfield anaupatsa mtengowo dzina lakuti Paschalococos disperta. Mbale wake wapafupi ndi mgwalangwa wa ku Chile, umene umakula pang'onopang'ono, nutha zaka makumi angapo usanayambe kubala. Pofika m'zaka za m'ma 1600, nkhalango ija inali itatha.

Kodi inatha bwanji? Kwa nthawi yaitali mlandu wonse unaikidwa pa eni chilumba. Buku la Jared Diamond lotchedwa Collapse, la mu 2005, linafalitsa ganizo lakuti iwo anagwetsa mitengo yonse mosaganiza za mawa, ndipo pambuyo pake anaphana chifukwa cha njala. N'zoona kuti anthuwo ankadula ndi kutentha nkhalango kuti atsegule minda ya mbatata. Koma akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ofufuza ena, monga Terry Hunt ndi Carl Lipo, anatikumbutsa kuti m'mabwato muja munabweranso makoswe. Pachilumba panalibe chilombo chowadya, choncho anaswana kwambiri, ndipo zikhokhombe zambiri zimene zapezeka zili ndi zipsera za mano awo. Munthu ankagwetsa mtengo waukulu, khoswe nadya mbewu imene ikanalowa m'malo mwake. Palibe m'badwo umene unaona nkhalango ikutha tsiku limodzi. Uliwonse unkangopeza mitengo yocheperapo kuposa imene makolo ake anaipeza.

Komabe kutha kwa mitengo sikunathe anthu. Iwo anaphunzira kuyala miyala m'minda kuti chinyezi chisathawe, namanga timipanda ta miyala totchedwa manavai toteteza mbewu ku mphepo. Kafukufuku wa mafupa a makolo awo, amene anafalitsidwa mu 2024, sanapeze umboni wakuti chiwerengero chawo chinagwa m'zaka za m'ma 1600.

Tsoka lenileni linadzera panyanja. Mu Disembala 1862 zombo zochokera ku Peru zinayamba kugwira anthu ukapolo, ndipo pafupifupi 1,500 anatengedwa. Ambuye Tepano Jaussen, Episkopi wa ku Tahiti, anali mmodzi wa amene anadzudzula nkhanzazi. Pamene analamula kuti otsala abwezedwe kwawo, ambiri anafera panjira, ndipo owerengeka amene anafika anabwera ndi nthomba. M'mishonale woyamba, Brother Eugène Eyraud, anafika mu 1864 pakati pa anthu olira maliro. Pofika 1877 pachilumba ponse panatsala anthu 111 okha. Dziko la Chile linatenga chilumbachi mu 1888, ndipo kuyambira 1903 mpaka 1953 chinabwerekedwa kwa kampani yoweta nkhosa. Eni dziko anatsekeredwa m'mudzi wa Hanga Roa, nkhosa zikudya tizitsamba totsala. Iwo anazindikiridwa ngati nzika za Chile mu 1966.

Mbiri imeneyi itisiyira zinthu ziwiri zoti tisinkhesinkhe m'mabanja mwathu. Choyamba, mtengo umene umakula zaka makumi ambiri sutha ndi nkhwangwa yokha. Umatha pamene palibe woyang'anira mbewu ndi mphukira zake. Madzi akatayika saoleka: mitengo ya ngole ingathe kubwera pa chombo, koma mtundu umene watha subwereranso. Chachiwiri, tisafulumire kuweruza anthu ovutika kuti adziononga okha, tisanafunse amene anawadzera ndi zimene anawalanda.

Zidzukulu za anthu 111 aja zilipo mpaka lero, zikulankhula chinenero chawo ndi kusamala moai a makolo awo. Tikadzaonanso chithunzi cha ku Anakena, tiyeni tikumbukire mitengo imene palibe pa chithunzipo, ndi anthu amene anapirira pamene mitengoyo inatha.