Virtual reality ndi kanema wa 360

Virtual reality ndi luso lopangitsa munthu, kudzera mu chipangizo chovala kumaso, kumva ngati ali pamalo opangidwa ndi kompyuta, ndipo chipangizo choyambirira chodziwika bwino anachikonza Ivan Sutherland ku America mu 1968. Kanema wa 360, amene YouTube inayamba kumulandira mu 2015, amajambulidwa mbali zonse nthawi imodzi, koma ofufuza amamusiyanitsa ndi virtual reality yeniyeni: kamera itaikidwa pakati pa msika wa ku Old Town mu Lilongwe, woonera angatembenuze mutu n'kuona ogulitsa tomato kumanja ndi maminibasi kumbuyo kwake, koma sangasunthe kuti ayandikire benchi la usipa, chifukwa amangoima pomwe kamerayo inaima.

Kafukufuku wambiri, monga wa Mel Slater, amayesa mmene woonera amakhulupirira kuti alidi pamalopo. Mu 2018 ofufuza a yunivesite ya Stanford, kuphatikizapo Jeremy Bailenson, anapeza kuti anthu amene anadziona ngati osowa pokhala kudzera mu lusoli ankasainira kwambiri kalata yopempha nyumba zotsika mtengo kuposa amene anangowerenga nkhani ya kusowa pokhala, ngakhale kuti kusaina kalata si umboni woti mtima wasinthiratu. Vuto lodziwika ndi chizungulire ndi nseru, zomwe zimabwera pamene maso akuona kuyenda koma ziwalo za mkati mwa khutu zikumva kuti thupi laima. Ku Malawi chopinga chachikulu ndi mtengo wa zipangizo ndi mabandulo a intaneti, popeza kanema wa 360 amadya data yambiri kuposa kanema wamba.